Felemu Imene Killian Anaipotoza

Inu amene mukuti zinthu zakukanikani, tamvani za Killian, mwana wanga wachiwiri. Sindikometsera, nthawi ndilibe.

Lachitatu lina m'chaka cha 1984, kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, Killian anatsitsira pasimenti kagalimoto ka mpikisano, tija tatifupi tongokwana munthu mmodzi. Matayala atatu anagunda pansi. Limodzi lakutsogolo linatsala m'mwamba, mpata wolowa chala. Felemu inali itapotoka, ndipo woipotoza anali iye.

Killian analephera Giredi 7 kawiri. Pofika zaka makumi awiri ndi zitatu, chimene ankadziwa ndi kuwotcherera mbaula, mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Mwini kagalimotoko, Ba Davies a ku Kabulonga, anali ndi galaja. Anamuuza Killian poyera: kakadutsa poyeza magalimoto pampikisano wa Loweruka, ntchito pagalaja ndi yake. Kakakanidwa, abwerere ku mbaula zake.

Lamulo la gulu limene kankathamangamo linkati chitsulo chopingasa, chimene chimalimbitsa felemu pokhota, chisagwidwe ndi mabawuti. Chiwotchereredwe, kuti munthu asamachisinthe tsiku la mpikisano. Kantchito kamene Ba Davies anamupatsa n'komweko, kakang'ono. Koma Killian anawotcherera monga amachitira geti la ku Woodlands: moto wambiri mbali imodzi, mzere wonenepa woti mbava ikaona ibwerere. Paipi ya felemu ndi yopyapyala. Inatentha, inakoka, inapindika. Iye ndi changu chake anathiraponso madzi.

Ba Davies atafika anangogwira m'chiuno.

"Iwe, iyi si geti! Nitenga motoka yanga."

Ndinaima pakhomo ine.

"Muzaipeleka kwa ndani, Ba Davies? Tauni yonse kulibe malodi owotchelela. Mwana wanga ali nayo atatu."

"Mailo m'mawa nibwela kutenga, amai," anatero, kutanthauza mawa lake, Lachinayi.

"Pa Chisanu."

"Mailo m'mazulo."

"Pa Chisanu dzuwa likalowa. Apo ayi inyamuleni, ikathamange ngati galu wotsimphina."

Sanaseke. Koma anaisiya.

Killian anathamangira kumsika kwa Ba Phineas, mkulu wokonza njinga, kukavomera kuti wawononga. Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Paipi yopyapyala saikalipira, mwana. Kadontho uku, kadontho uko, uisiye izizire yokha. Madzi ukamwe ndiwe."

Lachinayi lonse linathera pa sowo ndi tupa, kudula zimene anaunjika, kusamala kuti asaboole paipi. Kuphonya kamodzi, felemu yatha. Manja anatuluka matuza. Kenako anaimangirira pa zitsulo ziwiri zowongoka, n'kumaikankha ndi jeke pang'onopang'ono, akuyeza ndi chingwe kuchoka pangodya iyi kukafika ngodya inayo. Ankati akamasula jeke, felemu n'kubwerera. Kasanu konse.

Lachisanu m'mawa inawongoka. Magetsi n'kuzima.

Anakhala pachidebe malodi atatu ali m'manja, maso pa babu. Ndinamupatsa tiyi, anazizira pomwepo. Magetsi anabwera cha m'ma 3 koloko. Lodi loyamba analithera pazidutswa za paipi, kuphunzitsa dzanja kufatsa. Lachiwiri linagwira mbali ya kumanzere. Kudikira kuti chitsulo chizizire kunamupweteka kuposa matuza, chifukwa mthunzi wa nyumba unali utafika kale pampanda. Ba Davies analiza hutala iye akumaliza lodi lachitatu.

Loweruka kubwalo la mpikisano, woyeza magalimoto anagwada. Anakoka chitsulo chija, anachigogoda ndi kanyundo, anakanikiza ngodya iliyonse ya felemu ndi bondo. Kenako anadzuka n'kufunsa.

"Anawotchelela apa ni ndani?"

"Ndine, bwana," anatero Killian.

"Manje waimilila chani? Kankha, watsekeleza anzako."

Kagalimotoko sikanapambane, kanafika pa nambala 6. Zimenezo n'za woyendetsa. Lolemba Killian anapatsidwa ovolosi yolembedwa dzina la galaja kumsana, ndipo anagwira pamenepo zaka khumi ndi zinayi.

Tsono inu, mwawononga chinthu ndi manja anu? Lirani pang'ono, sindikukanizani. Mukatha mukavomere, mufunse odziwa, mudule zolakwikazo muyambirenso. Osataya mtima. Ndipo dzukani pampandopo, ntchito siidzigwira yokha.