Phiko la alamu ndi kachewere wanga

Alamu anga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira, yotsika ngati kamba, yokhala ndi kaphiko kumbuyo. Lamulo lawo linali limodzi: katundu wa kumunda salowa m'galimotomo. Ine ndinali ndi matumba awiri a kachewere amene mayi wina wokazinga tchipisi ku Boma ankawadikira tsiku lomwelo, apo ayi akagula kwa ena. Alamu ali kubafa, ndinatenga makiyi pawindo n'kukanikizira matumbawo m'buti.

Tinanyamuka limodzi ulendo wa ku Boma. Titadutsa pa Chimbiya alamu anaponda moto. Pokhota paliponse galimoto inkachita kumatirira patala.

"Mukumva, alamu?" anatero. "Ndi phiko limenelo. Mphepo ikulikanikizira pansi. Dzulo ndinalimangitsa bwino, lero kumbuyo sikukuvina."

Ndinagwedeza mutu ngati katswiri wa mphepo. Ndinawonjezanso kuti amene anapanga phikolo sukulu anapitadi. Pamenepo mpamene ndimachita manyazi pang'ono, chifukwa palibe anandifunsa.

Ku Boma analowa mometa tsitsi n'kundisiyira makiyi kuti ndilondere galimoto. Ndinatsitsa katundu wanga, dothi la m'buti n'kusesa ndi chipewa. Pobwerera galimoto inayambanso kugwedeza matako. Alamu anaima m'njira, kuligwiragwira phikolo, kenako anagamula kuti mphepo ya ku Mozambique ikuwomba chammbali.

Mpaka lero amauza anthu kuti phiko lawo limagwira ntchito popita ku Boma basi. Ine sinditsutsa. Loweruka likubwerali akufuna akaliyesenso, ndipo kachewere ndakumba kale.