Kankhanambo Kuseri kwa Khutu la Tereza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi dzinja limene mng'ono wanga Tereza anadwala. Tinkakhala m'munsi mwa nkhalango ya Chongoni, ndipo iye ankakonda kunditsatira kokatola nkhuni, tsekera wonyowa akumufika m'makutu. Tsiku lina madzulo anakana kudya, akuti mutu ukumuwawa. Kutacha thupi linali moto.

Amayi anati ndi malungo. Anagula kulorokwini pagolosale, Tereza anamwa mpaka kumaliza, koma kutenthako sikunatsike. Anasiya kuyenda, kenako anasiyanso kulira, n'kumangobuula atatsinzina. Totupa tofiira tinamutuluka pamimba ndi m'manja.

Bambo anali ku Joni, choncho mwini mawu pabanja pathu anali amalume, a Fabiano. Atabwera anamuyang'ana mwanayo kanthawi, n'kunena kuti amenewa si matenda a kuchipatala. Anatchula dzina la mayi wina woyandikana nafe, amene tinkalimbirana naye malire a dimba, kuti ndiye wamulodza, ndipo analamula kuti kukacha mwana apite kwa sing'anga akatemedwe mphini. Amayi ankangofinya kansalu konyowa.

Masana omwewo, ndikumupukuta thukuta, ndinamutembenuza mutu ndipo anakuwa. Kuseri kwa khutu, m'mphepete mwa tsitsi, panali kankhanambo kakuda ngati popsa ndi ndudu, m'mbali mwake mutafiira. M'khosi munali mwanabere wolimba. Ndinaitana amayi.

"Apa mpamene ndinamuzula nkhupakupa tsiku lija," anatero.

Sanakapemphe chilolezo kwa aliyense. Anamubereka, ine ndinanyamula bulangete, tinadzera kuseri kwa nkhokwe kuti amalume asatione.

Pamsewu wopita kuchipatala cha mishoni tinapeza anyamata a chipani atatchinga njira ndi chingwe, akufunsa makhadi. Amayi analiiwala lawo kunyumba.

"Bwererani mukatenge," anatero mmodzi.

Amayi anamasula nsalu, mutu wa Tereza n'kugwera chagada, kukamwa kuli yasa.

"Muyambe mwamuona mwanayu, bambo, kenako mundibweze."

Mnyamatayo anayang'ana kumbali, n'kutsitsa chingwe.

Kuchipatala tinalandiridwa ndi anamwino achikulire. Amayi anawaonetsa kankhanambo kaja asanafunsidwe n'komwe.

"Mwachita bwino kundionetsa, mayi," anatero atayang'anitsitsa. "Awa si malungo a udzudzu, ndi matenda a nkhupakupa. Kulorokwini sangaphule kanthu apa."

Anatigoneka, n'kumupatsa Tereza mankhwala ena. Masiku oyambawo sindinkachoka pambali pake, ndinkangoyang'ana ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. M'mawa wina, nkhungu ikadali pamazenera, anatsegula maso n'kupempha mbatata yootcha. Amayi anatuluka panja kukalira.

Amalume anabwera kudzazonda, atanyamula mapichesi m'chipewa, ndipo za sing'anga sanazitchulenso. Koma mayi woyandikana nafe uja anali atamva kale kuti dzina lake latchulidwa. Mpaka anasamuka pamudzipo asanatipatsenso moni.

Lero mdzukulu wanga akatentha thupi, ndimayamba ndamuvula malaya, kumuyang'ana m'khwapa, m'tsitsi ndi kuseri kwa makutu, ndipo chimene ndapeza ndimakachinena kuchipatala. Ndinadziwa ndili mwana kuti kachilombo kochepa ngati njere ya mapira kakhoza kutenga mwana, akuluakulu ali kalikiliki kusaka mfiti.