Anawakonza Pakamwa Amayi Anga

Mpaka lero ndikamva munthu akuti “tikonzeko chinenerochi pang'ono,” mtima umandiwira. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, zaka zoyambirira za matipate, ndipo ndinkakhala ndi amayi kumalaini a esiteti komwe ankathyola tiyi. Ntchito ndinalibe, ndiye ndinalemba nkhani yopeka ya mayi wothyola tiyi. Chopeka chinali dzina lokha. Mayiyo anali amayi anga enieni, ndi pakamwa pawo pomwe.

Amayi sankazungulira polankhula. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chilomwe, chachifupi, chobaya. Tsiku lina kapitawo atawabwezera dengu ati masamba ndi okhwima, iwo anangomuyang'ana n'kuti, “Masambawa sindinabereke ine, bambo. Kafunseni mvula.” Mawu amenewo ndinawaika m'nkhani momwemo, osathira mchere.

Nkhaniyo ndinakaipereka kwa aphunzitsi ena a Chichewa ku Bvumbwe, amene ankasonkhanitsa nkhani za achinyamata n'kumazitumiza ku wailesi. Anaiwerenga magalasi ali pamphuno, nati, “Mutu uli nawo, mwana wanga, koma chinenerochi n'chakumunda. Tikonzako pang'ono.” Ine ndinkayesa akunena timawu tolakwika apa ndi apo. Ndinawathokoza ndi manja awiri, ndipo zimene anakonzazo sanandionetse.

Nkhaniyo anaiwerenga pa wailesi Lamlungu masana. Ndinali nditalengeza m'malaini monse, moti pakhonde pathu panadzaza anthu, mabatire tinachita kubwereka. Amayi anavala chitenje chakutchalitchi n'kukhala pafupi ndi wailesi.

Nkhani inayamba ndi “dzuwa likusuzumira pa mapiri obiriwira mochititsa kaso.” Dzuwa lake liti? Ine sindinalembe dzuwa. Ku tiyi anthu amalowa kuli chifunga, zala zitauma ndi kuzizira. Mayi wanga uja anali atasanduka “ntchembere yofatsa, yodzala ndi ulemu,” ndipo kapitawo atabweza dengu, ntchembereyo inagwada n'kuti, “Zikomo bwana, kuona maso a nkhono n'kudekha.” Miyambi inali mbwee ngati nyemba zotayika, Chilomwe chonse atachisesa. Ndani anawanamiza aphunzitsi amenewa kuti mawu akatalika ndiye kuti akoma? Munthu woti dengu la tiyi sanaliberekepo, n'kulimba mtima kulowa m'kamwa mwa mayi wa mwiniwake, kuzulamo mano onse, ati akukongoletsa. Ndinakhala pamenepo ndikulakalaka mabatire atatha.

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina woyandikana nafe anaseka, nati, “Koma mwanayu wakusambitsani, anzanga. Inu n'kugwadira kapitawo?” Amayi anaseka nawo pang'ono, kenaka anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Ndinawatsatira. “Amayi, si mmene ndinalembera. Asintha ndi aphunzitsi aja.”

“Usadandaule,” anatero akupinda chitenje chija. “Unachita bwino. Dziko lonse likanamva mmene ndimalankhulira ine, ukanayenda bwanji pakati pa anzako ophunzira?”

Ndinalumbira kuti sindinalembe choncho. Ndinatulutsa mapepala anga, koma amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo nditayamba kuwawerengera anati ndikungowatonthoza. Wailesi inali itanena kale, ine ndikanaposa wailesi?

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Bvumbwe ndili ndi mawu odzaza pakhosi. Aphunzitsi aja anandimvetsera akumwa tiyi, tiyi yemweyo, nati, “Ukadzakula udzandithokoza.” Ndakula, mabuku ndalemba, ndipo sindinawathokoze. Wolemba wachinyamata akandibweretsera nkhani, ndisanakhudze mawu a munthu wa m'nkhanimo ndimayamba ndafunsa kuti anawamva kwa ndani.

Kuyambira tsiku limenelo amayi akamalankhula nane ankasankha mawu, pang'onopang'ono, ngati akuyankha mlendo. Ndinkawamva panja akukalipira nkhuku, akuseka ndi anzawo m'Chilomwe mpaka kutsokomola, koma ndikangotulukira pakhomo ankadula. Anamwalira akundilankhulabe mwaulemu.