Ndinapita ku Makanjira ndi Mathero M'thumba

Ndinafika pokwerera galimoto pa Mangochi Loweruka m'ma 6 koloko m'mawa, nditamanga mpango kuzungulira chibwano ngati wodwala dzino. Dzino silinkandiwawa. Mano ndi chinthu chokhacho chimene ndinatuluka nacho ku koleji chili chathunthu. Dipuloma ndinaisiya m'chaka chachiwiri, pa chifukwa chimene kwathu amati fizi koma aphunzitsi amati masamu. Mpangowo unali woti ndisalankhule. Kutsidya kwa Shire nkhope yanga saidziwa, koma mawu anga ndi mbuzi zomwe zimawazindikira.

Ntchito yanga ndi yomasulira mafilimu. Ndimakhala kuseri kwa shopu ina ya mumsika yoikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, ndili ndi kompyuta yokalamba ndi maikolofoni imene abwana anabwereka ku kwaya ya mlongo wawo. Amwenye kapena Achina akamalankhula pa sikirini, ine ndimawalankhulira Chichewa. Mwezi watha ndinamasulira filimu ya ku India, ya mwamuna amene anasiya mkazi kumudzi kukasaka ndalama kudoko la mumzinda. Chakumapeto zigawenga zinamuwombera, nagwera m'madzi. Pomwepo filimu inaduka, chifukwa bandulo ya abwana inatha ikanali kutsika. Ndinali ndi njira ziwiri, kudikira bandulo ina kapena kukhala Mmwenye ndekha. Ndinaika chithunzi chakuda kwa mphindi zisanu, n'kufotokoza mwaulemu kuti asodzi anamuvuula, anamufunditsa, anachira, nakapeza mkazi wake akusesa pakhomo. Ndinadzigwira mtima ndekha mpaka ndinapempha madzi.

Lachitatu anaimba foni Che Amadu, mwini nyumba yoonetsera mafilimu ku Makanjira, amene amatenga katundu wathu kuposa wina aliyense. Anangoti, "Womasulira uja abwere Loweruka. Pali nkhani." Abwana anagula bandulo, tinatsitsa filimu yonse, tinaonera mathero enieni. Munthuyo anafa. Anafa bwinobwino, ndi maliro omwe, ndi nyimbo yake. Abwana anandiikira matherowo mu fulashi, nandipatsa yoyendera, nati, "Che Amadu akatisiya, maikolofoni ibwerera ku kwaya, iwe ubwerera kwa amayi ako." Amayi ndimawakonda. Koma anandilandirapo kale kuchokera ku koleji, ndipo nkhope imene anandilandira nayo sindifuna kuionanso.

Lole ya ku Makanjira inali K12,000, kukhala pamwamba pa katundu. Kondakitala, bambo wa ndevu za imvi, ankati tikunyamuka pompano kuyambira 6 koloko, ndipo mawu akewo anakwaniritsidwa cha m'ma 8. Ndinapeza malo pa thumba la mchere. Kumanja kwanga kunali Che Bwanali, msodzi, atafungatira ukonde watsopano ngati khanda. Kumanzere kunali Abiti Mussa, mayi wogulitsa zitenje, amene anangondiona n'kunena kuti dzino limafuna mchere, ndiye ndakhala pamalo oyenera. Patsogolo pathu panali bambo wa jekete lachikopa wochokera ku Lilongwe. Kunja kunali kotentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa, koma jeketelo sanavule, pakuti munthu sagula jekete ku Lilongwe kuti adzalipinde pamiyendo.

Titangowoloka mlatho wa Shire, wina kumbuyo anayatsa filimu pafoni, ndipo bwalo linatsegulidwa.

"Za ku Nigeria ine ndinasiya," anatero Che Bwanali. "Munthu akuthamangitsidwa ndi mfiti, koma akuima kaye kuti atseke geti."

"Nanga za Achina?" anatero kondakitala. "Wadya mpunga kambale kamodzi, wauluka pamwamba pa nsungwi. Ife pa Idi timadya mpunga mpaka kumasula lamba, palibe anaulukapo."

"Odziwa kukonda ndi Amwenye," anatero Abiti Mussa. "Koma kuvina kuja, mudzi wonse sitepe imodzi, amaphunzira nthawi yanji? Kumunda sapita?"

Ndinali ndi mayankho a zonsezi. Ndinawameza. Amene sanakhalepo chete ali katswiri pakati pa anthu olakwitsa sadziwa kuti Ramadani ndi yopepuka.

Pa Malindi tinaima cha m'ma 9 kutsitsa malata. Azimayi anabwera ndi mabeseni pamutu, chinangwa chophika K300, mandasi K200, usipa wokazinga wa tsabola m'timapepala. Wodwala dzino sagula chinangwa, choncho ndinangoyang'ana kutali ngati munthu wa maganizo akuya. Abiti Mussa anagula mandasi awiri, nanyema limodzi tizidutswa, nandipatsa. "Muzinyowetsa ndi malovu, mwanangu, musatafune." Ndinanyowetsa.

Tinyamuke apo, phula linayamba kutsanzikana nafe pang'onopang'ono, ndipo bambo wa jekete anayambitsa nkhani imene ndinkaiopa.

"Ija ya munthu wa padoko munaonera? Womasulira wake ndi wakuba. Ine ndinaonera yeniyeni ku Lilongwe. Munthu uja anafa."

"Anafa liti?" anatero Che Bwanali. "Asodzi anamuvuula. Tinamva tonse."

"Munamva. Munaona?"

"Unali usiku. Usiku panyanja umaona chiyani?"

Ndinamuthokoza Che Bwanali mumtima. Koma iye anapitiriza.

"Womasulirayo zolakwa ali nazo. Amalankhula ngati wadwala chimfine, ndipo bwato la injini amati sitima. Panyanja sanakwerepo ameneyo. Koma mawu ake aja amandisangalatsa, akafika pothina amati, apa zavuta, koma filimu sinathe. Anyamata anga akumanena pokoka ukonde."

Chimfine ndilibe. Ndi mphuno ya kuchimuna, tonse timalankhula choncho.

"Ine ndaonera kanayi," anatero Abiti Mussa. "Timasonkhana azimayi asanu pa foni imodzi, kutchajitsa timasinthana. Pakati paja pali kumenyana kwambiri, timadumphitsa. Timafuna pomaliza."

"Pomaliza palibe chithunzi, mayi," anatero wa jekete.

"Ndiye chifukwa chake aliyense amaikapo nkhope imene akufuna."

Kondakitala anandinong'oneza, poti wodwala dzino ndi munthu wosunga chinsinsi, kuti amuna awo a mayiwo anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo. Chaka choyamba ankatumiza ndalama, chachiwiri ankaimba foni, kuchokera apo zii. Fulashi m'thumba langa inayamba kulemera ngati mwala wa mphero.

Pa Lungwena tinafika m'ma 11. Anakwera anthu ena asanu ndi njinga ziwiri, ndipo miyendo yanga inapatsidwa kwa munthu wina kuti aisunge. Nyanja inkaoneka kumanzere pakati pa migwalangwa, yoyera ndi dzuwa, koma palibe anaiyang'ana, chifukwa lole inali itagawanika pawiri. Gulu la "anafa" linali ndi bambo wa jekete ndi amuna awiri a njinga. Gulu la "anavuulidwa" linali ndi ena onse, kuphatikizapo agogo ena amene filimuyo sanaonere koma anati sangavomereze imfa ya munthu popanda mboni.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pa kamtsinje kouma kamene mlatho wake unapita ndi mvula. Galimoto zimatsikira mumchenga n'kukwera kutsidya. Yathu inatsika bwino. Kukwera ndi kumene inafuna kuganizira kaye. Matayala anakumba mpaka lole inakhala pansi ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Tonse tinatsika, azimayi kukathyola nthambi, amuna kumbuyo kukakankha. Tinakankha kamodzi, kawiri. Kachitatu lole inabwerera m'mbuyo, ine ndinagwa chagada, mpango unamasuka, mchenga unadzaza m'kamwa. Ndipo pakamwa pamene ndinapasunga maola asanu panadzitsegukira pokha.

"Apa zavuta, koma filimu sinathe."

Dalaivala anazimitsa injini. Che Bwanali anandiyang'ana kuchokera pamwamba, nati mofatsa, "Chimfine chija."

Ndinadzuka, ndinasasa mchenga, ndinaima monga amaimira munthu pamaliro a mwini mudzi, ndipo ndinaulula zonse: bandulo, chithunzi chakuda, asodzi amene sanakhaleko. Ndinatulutsa fulashi, ndinaikweza m'mwamba. "Mathero enieni ali umu. Bambo wa jekete akunena zoona."

Wa jekete anayang'ana uku ndi uku kufuna woomba m'manja. Sanapezeke. Ine ndinkaopa kuyang'ana munthu mmodzi yekha, koma Abiti Mussawo anabwera okha, nthambi zili m'manja.

"Mandasi anga aja, mukanatha kutafuna?"

"Eya, mayi. Pepani."

"Za mandasi ndakwiya. Za filimu ndinkadziwa." Anaponya nthambi pansi pa tayala. "Amwenye angawononge ndalama zonse zija kuvina, n'kulephera kuyatsa nyali pomaliza? Sindine mwana. Koma zaka zinayi, aliyense amandiuza kuti ndiiwale. Achimwene anga akuti ndikwatiwe, anzanga akuti ali ndi mkazi wina kumeneko. Woyamba kunena kuti mwamuna amabwerera ndinu, ngakhale munali kunama. Kankhani galimoto."

Ndinakankha. Sindinakankhepo chinthu choncho chibadwire, ndi masamu omwe. Lole inatuluka.

Kuyambira apo ndinakwezedwa pantchito. Anandikhazika pa thumba la shuga, lomwe ndi lofewa, ndipo mpaka Makanjira ndinalandira malangizo. Che Bwanali anandiphunzitsa kusiyana kwa bwato, boti ndi sitima, nandilonjeza kundikweza zonse ziwiri zoyambazo. Kondakitala anati ndichepetse kuseka nthabwala zanga ndisanazimalize. Mmodzi wa amuna a njinga anati anthu akamapsompsonana ndisamangoti "tiyeni tiyang'ane kumbali", ndizidula, chifukwa amaonera ndi apongozi ake. Ku koleji ankandilembera zolakwa zanga ndi inki yofiira, osandiyang'ana. Awa ankandiuza pamaso, wina akundipatsa chinangwa.

Tinafika ku Makanjira cha m'ma 3, fumbi litatisandutsa mtundu umodzi. Nyumba ya Che Amadu ndi ya njerwa zosawotcha, denga la malata, mabenchi khumi, sola pamwamba ndi zokuzira mawu ziwiri zoloza kumsika. Iwo ndi munthu wamtali wosaseka, makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anandilonjera, nayang'ana kumbuyo kwanga, pomwe panali theka la lole.

"Awa ndi ndani?"

"Mboni," anatero Che Bwanali.

"Masabata awiri anthu akukangana muno," anatero Che Amadu. "Benchi imodzi inathyoka. Ena akuti ndimaonetsa mafilimu oduladula. Ine ndinagula thumba lathunthu kapena latheka?"

"Latheka, bwana. Pamwamba ndinadzazapo za kwathu." Ndinawapatsa fulashi ndi manja awiri.

Anaiika pomwepo, khomo lili lotsegula, osalipiritsa. Nyumba inadzaza. Sindinamasulire, panalibe chofunika kumasulira. Mtembo unavuulidwa m'mawa, unanyamulidwa kupita kumudzi, mkazi analira, mvula inagwa, mayina anayamba kukwera.

"Zithunzi ndi zabwino," anatero bambo wina kutsogolo.

"Koma alakwitsa," anatero Che Bwanali. "Maboti a asodzi aja anali pomwepo, nyali zikuyaka. Munthu agwe m'madzi pafupi choncho, ife osamva? Wopanga filimuyi panyanja sanakwerepo."

"Ikani yathu ija," anatero wina kumbuyo, ndipo mabenchi anavomera. Bambo wa jekete anati choonadi ndi choonadi, koma anavomereza kuti choonadicho chatalika ndi nyimbo.

Che Amadu anandikokera panja. "Bodza lanu sindinalikonde. Tsiku lina filimu ikaduka, muzinena poyamba kuti apa yaduka, zotsalazi ndi zanga. Anthu asankhe akudziwa. Mukatero ndipitiriza kutenga kwanu." Anatenga choko, napita pa bolodi la pakhomo, nalemba pansi pa dzina la filimuyo: 2 koloko amwalira, 4 koloko apulumuka. Kenaka anandifunsa ngati ndadya.

Abiti Mussa sanalowe. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, atakhalira mtolo wa zitenje, akudikira wa njinga wopita kumudzi kwawo.

"Mwaonetsa?"

"Taonetsa, mayi. Mufuna ndikuikireni m'foni?"

"Ayi. Yeniyeniyo ndikhoza kuilandira tsiku lililonse, pafoni pomwepa, popanda womasulira." Anamanga chitenje. "Yanu ija musafufute. Ndipo mukadzapanga ina, mkaziyo asamapezeke akusesa. Zaka zonsezo akusesabe? Apezeke ali pamsika, ali ndi geni yake. Mwamunayo ayambe wadikira kuti amalize kugulitsa."

Ndinalonjeza. Njinga inabwera, anakwera, mtolo pamiyendo, osacheuka.

Ndinaimbira abwana kuti kwaya ipitirize kuimba mokweza, maikolofoni sibwera. Ndinkadziyesa munthu wolankhula yekha kuseri kwa shopu, pakati pa makatoni. Ulendowu unandionetsa kuti kumapeto kwa waya uja kuli anthu, amamva chilichonse, bodza amaliona, ndipo nthawi zina amalisunga dala chifukwa ali nalo ntchito. Ndikuthokoza Che Bwanali chifukwa cha maboti, Che Amadu chifukwa cha mpunga wa nyemba, ndi bambo wa jekete chifukwa lole yopanda wotsutsa ndi maliro. Mpango ndinauiwala pa kamtsinje kaja. Amene wautola ausunge, ine sindidzaufunanso. Koma mandasi awiri ndidzapita nawo ndekha ku Makanjira, tsiku limene ndidzamalize filimu ya mkazi wa pamsika.