Pensulo Yofiira ya a Ndani

Azakhali anga anthu amawatchula kuti a Ndani. Dzinali analitengera m'kalasi, momwe anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu. Mwana akalemba kuti zenera linaswedwa, iwo ankazunguliza mawuwo ndi pensulo yofiira n'kulemba pambali: ndani? Ankati ziganizo za Chingerezi zili pawiri. Pena wochita amaima kutsogolo, pena amakabisala kumbuyo, mwinanso kuthawiratu. "Zonse n'zololedwa," ankatero, "koma uzidziwa amene ukumubisa."

Atapuma ntchito anapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato. Muli tebulo, mipando iwiri, kompyuta yakalekale ndi pulinta yosayamba usanaimenye kambama. Amatayipira anthu makalata ndi malipoti, pensulo ija ili pakhutu.

Ine ndimasunga mankhwala pa kachipatala kena. Lachisanu lina ndinazula pulagi ya firiji ya katemera kuti nditchaje foni, n'kuiwala kubwezera. Pofika Lolemba katemera yense anali atawonongeka. Abwana anakalipa koopsa, anthu n'kuyamba kuloza mayi wosesa, poti ndi amene amasuntha zinthu akamakolopa. Mayiyo ngwamasiye, ana anayi. Anauzidwa kuti lipoti langa likafika Lachitatu, adziwa ngati ntchito ikadalipo. Ine duu!

Lipotilo ndinalilemba mwaukatswiri, m'Chingerezi cha muofesi. Pulagi inazulidwa. Firiji inasiyidwa yozima. Bodza munalibemo ngakhale limodzi. Ndinapita nalo kwa azakhali kuti angonditayipira basi.

Anawerenga kawiri, magalasi ali pamphuno.

"Chingerezi chokoma bwanji, mwana wa achimwene! Cholakwika palibe."

Kenako pensulo inatsika pakhutu. Ndani? Ndani?

"Azakhali, m'maofesi timalemba choncho."

"Ukundiuza ine? Anakuphunzitsa ndani? Timalemba choncho ngati wochitayo sakudziwika. Sakudziwika?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. "Ndabwera kudzatayipitsa ine, osati kudzalapa! Mukakana, otayipa ndi ambiri mumsewu muno."

"Ambiridi, pita," anatero osakweza mawu. "Koma pepala lopanda mwini silikhala choncho. Abwana ako aikapo dzina okha. Aikapo la ndani?"

Sindinawauzepo za mayi wosesa, koma nkhope yanga inali itaulula kale. Munthu amene wathera moyo wake akufunsa ana kuti waswa zenera ndani, ungamunamize iwe?

Anatsegula tsamba latsopano pakompyuta n'kudina chilembo chimodzi chokha, chija choima chilili chimene m'Chingerezi chimatanthauza ine. Anandikankhira kiyibodi, iwo n'kuyamba kusongola pensulo ngati mulibe munthu. Ndinamaliza chiganizocho ndekha: ine ndinazula pulagi ya firiji. Pulinta anaimenya kambama, pepala linatuluka.

Abwana anandiimitsa ntchito milungu iwiri, ndi kalata yochenjeza pamwamba. Zinandiwawa, ndipo kwa azakhali ndinatha mwezi osapondako. Koma lero mukandifunsa munthu amene ndimamulemekeza kuposa onse, ndi mayi wokalamba uja wa pensulo pakhutu. Sanandinyoze, ndipo kwathu sanauze aliyense.

Mayi wosesa akadali pantchito. M'mawa uliwonse amafika ndi ndowa yake pafupi ndi firiji, n'kundiuza kuti, "Takwezani miyendo, achimwene, ndikolope."