Mbuzi ya pachikhomo

Mwana wanga atabwera kuchokera kusukulu anandifunsa kuti rediyasi n'chiyani. Ndinatenga foni n'kutsegula tsamba lija la pa intaneti limene amati limadziwa zonse. Kalanga ine! Liwu lililonse linkafuna kulifufuzanso palokha, zizindikiro zili mbwee ngati mapazi a nkhuku pamatope. Ndinapsa mtima. Kodi olemba ake amalembera ife, kapena anzawo odziwa kale?

Ndinakumbuka aphunzitsi athu a masamu ku Golomoti. Linali dzinja, nthawi imene mbuzi zimamangiriridwa kuopa kuti zingadye chimanga cha eni ake. Anatitulutsa m'kalasi n'kutiimika kuseri kwa sukulu, pomwe mbuzi ina inali pachikhomo. Inali itadya udzu mozungulira, malo ake ali ngati lichero.

"Udzu wabwino uli uko," anatero aphunzitsiwo. "Chikuiletsa kufikako n'chiyani?"

"Chingwe!" tinakuwa tonse.

"Basitu. Chingwecho ndiye rediyasi, chikhomocho ndiye pakati."

Mpaka lero sindinaiwale. Ndinazimitsa foni n'kuuza mwanayo kuti tipite kudambo tikaone mbuzi. Tsamba lija lili ndi zonse, koma mbuzi mulibe.