Mapasa a Sindinakhutire

"Inu ntchito yanu ndi imodzi yokha, kuyesa! Ndiye munayesa chiyani? Mpando?" anakalipa motero abwana, akumenya tebulo mpaka makapu kuvina. "Munati pulogalamu ili bwino, lero makasitomala akuti ikuwapatsa mayankho opotoka. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro musanandiuze chavuta, kiyi wa ofesi mundisiyire pompano."

Okalipiridwawo anali a Sindinakhutire. Dzinali analitola pa ofesi pomwepo, poti ukawaonetsa ntchito yako, kaya yowala bwanji, amakanda dazi nkuti, "Sindinakhutire." Ku yunivesite sanapondeko. Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo, mpaka munthu wina anawasiyira kompyuta yakufa, osabweranso. Anaidzutsa, nkumalimbana nayo zaka zisanu ndi zitatu, mpaka anadziwa kulemba mapulogalamu. Akazi awo amati ngakhale babu latsopano amayamba aligwedeza kukhutu.

Ntchitoyi anawapezera ndi alamu awo, mchimwene wa akaziwo, munthu wa madigiri awiri ndi nsapato zosongoka. Ofesi imene onse awiri amagwirako ntchito ndi chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala, fani yolira ngati ikufuna kuuluka, mawaya pansi mbwee. Amalemba mapulogalamu owerengera mphamvu ya magetsi m'mainjini opopa madzi.

Tsono mumvetse. Masamu a magetsi amafuna nambala za mbali ziwiri zoyenda limodzi, mbali yeniyeni ndi mbali yongoyerekeza. Pa ofesipo amazitcha mapasa. Pulogalamu yakale inalembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa C, yatsopano mu Python, ndiye mapasawa amayenera kuwoloka kuchoka m'chilankhulo china kulowa m'chinzake, wamkulu patsogolo, wamng'ono pambuyo. Mlatho wowolokerawo analemba ndi alamu. A Sindinakhutire yawo inali kutumiza mapasa tsidya linalo nkuona ngati afika mmene ananyamukira.

Ndipo iwo potumiza sasankha zokongola ayi. Amatumiza 7.3 ndi -41.9, zotero. Alamu ankaseka: "Alamu, nambala zanuzi zili ngati mano a sowo. Akadzaona alendo adzati muno mulibe ophunzira."

Abwana atatuluka, a Sindinakhutire anakhala pansi natsegula mayeso awo. Onse obiriwira, kutanthauza kuti zili bwino. Anayang'anitsitsa. Iiih! 1 ndi 1. 2 ndi 2. 5 ndi 5. Nambala zaudongo, zopesa tsitsi, zosakhala zawo. Anafufuza tsiku limene zinasinthidwa: Lachitatu limene iwo anapita kukazulitsa dzino, mlatho usanayesedwe nkomwe. Dzina la wosintha linali pomwepo, mbee: alamu awo.

Nanga mapasa ofanana nkhope, ovala zofanana, akasinthana malo pamlatho angadziwe ndani? Anabwezeretsa 7.3 ndi -41.9, nadina. Tsidya linalo kunatuluka -41.9 ndi 7.3. Kompyuta yonse psuu, kufiira. Mlathowo unkawatembenuza anawo chiyambire.

Apa mpamene mutu unaima. Munthu amene anakugwira dzanja kukuchotsa pakhonde, ungakamuneneze? Nanga kunyumba ukalowa bwanji? Anakoka mpando pang'onopang'ono, nanong'oneza: "Alamu, taonani izi. Kanenani nokha, ine ndikhala chete."

Alamu anasuzumira. "Ndinangokonza kuti zioneke bwino."

"Zaoneka bwinodi. Pitani."

"Dikirani, ndikuyankha foni." Foniyo siinalire. Anaiyika kukhutu, nkumayankha khoma kuti eya, eya.

A Sindinakhutire anadikira. Anapukuta magalasi. Anadikiranso. Anthu anayamba kutsegula makontena a chakudya chamasana, ndipo abwana analowa dzanja lili chitambasulire, kudikira kiyi. Munthu wofatsa uja, amene sanakwezepo mawu ngakhale kwa nkhuku, anaimirira mpaka mpando kugwa chagada.

"Bwana, dzanjalo libwezeni m'thumba kaye. Ine nambala zanga ndi zonyansa, aliyense muno amadziwa. Pali wina anazisambitsa nkuzidzoza mafuta ine ndili kwa dokotala kukamwa kuli yasa. Alamu! Ikani foniyo pansi, simukulankhula ndi munthu. Mlongo wanu ndikamufotokozera ndekha. Imirirani muwayankhe abwanawa: anakutumani ndani kuyesa mlatho ndi 1 ndi 1?"